Khutu liyambe, zala zitsate: za maphunziro a piyano ndi mawu ku Chongwe

Aphunzitsi a nyimbo ophunzitsira pakhomo acuruka ku Chongwe monga m'makomboni a Lusaka. Kiyibodi imakhala pa thebulo, ana amabwera Loweruka, makolo amalipira pa mwezi. Ambiri a iwo njira yao ndi imodzi: anakulira m'kwaya ya mpingo, anayamba ndi sol-fa, ndipo manoti a pa mizere isanu anawadziwa atakula kale, ena ku Evelyn Hone College, ena pa YouTube. Ndakhala ndikupenya kaphunzitsidwe ka bambo wina wotere, wokhala ca ku njira ya ku Chalimbana, kumene mwana wa mlongo wanga amaphunzira. Nchito yao njoyenera kuiyesa monga timayesera buku.

Coyamba ndiwayamike. Kwa iwo mwana sagwira makiyi asanaimbe. Amaimba doh, me, soh ndi pakamwa, kenaka afune yekha mawuwo pa kiyibodi. Ena amanyoza sol-fa kuti ndi ya kumudzi, koma njirayi inacokera ku England, kumene John Curwen anaifalitsa m'zaka za m'ma 1840 atatengera nzeru za Sarah Glover wa ku Norwich. Kuno inabwera ndi amishoni. Ubwino wake ndi wakuti doh amasuntha: mwana amamva mtunda wa pakati pa mawu awiri, kaya nyimbo yayambira pa C kaya pa F. Wophunzira wotere akamva nyimbo pa wailesi amaipeza yekha, osadikira pepala.

Caciwiri, amaletsa batani la transpose. Nonse mumawadziwa anyamata a kiyibodi m'mipingo mwathu amene amaliza nyimbo zonse pa kiyi imodzi, batanilo n'kumawasinthira. Aikeni pa piyano yeniyeni, ya makiyi 88, yopanda batani: manja amauma. Bambowa amamuyendetsa mwana m'makiyi onse 12, pang'onopang'ono, ngakhale mwanayo anyinyirike. Kiyibodi yao ndi ya makiyi 61, ofewa, kotero zala sizizolowera kulemera kwa piyano. Ili ndi vuto la thumba, ndipo iwo amauza makolo poyera.

Pamene ndisiyana nao ndi pa maphunziro a mawu. Zopuma amaphunzitsa bwino: mpweya ucokere m'munsi, mapewa asakwere, mnyamata amene mawu ake ali kusintha asakakamize kukhosi. Koma akafika pa kachulidwe, amafuna mwana azungulitse milomo ngati woimba opera, ndipo nyimbo zoyeserera zonse ndi za Cingelezi. Cinyanja cili ndi kaimbidwe kakekake. Liwu lakuti mtengo likhoza kukhala wa m'thengo kapena wa pa msika, ndipo cosiyanitsa ndi kukweza kapena kutsitsa mawu. Komanso timatalikitsa silabulo yaciwiri kucokera kumapeto: timati Mu-LU-ngu. Nyimbo zambiri zomasuliridwa zimaponda silabulo yomaliza, ndipo woimba wosaphunzitsidwa kumva zimenezi amaimba cilankhulo cake ngati mlendo. Mwana wa mlongo wanga tsopano amaimba bwino m'Cingelezi, koma akaimba m'Cinyanja agogo ake amafunsa kuti wati ciani.

Vuto lomweli lili pa nyimbo zosankhidwa. Mabuku amene amagwiritsa nchito ndi a mayeso a ABRSM, bungwe la ku London lokhazikitsidwa mu 1889, limene lili ndi magiredi 1 mpaka 8. Mayesowo ali ndi phindu, ndipo amene ali ndi ndalama alembe. Koma Chongwe ndi dziko la Asoli, kumene caka ndi caka pa mwambo wa Chakwela Makumbi pamamveka ng'oma ndi nyimbo zolandizana, wina kutsogola ena kuvomera. Mwana wobadwira pamenepo ali kale ndi khutu la zimenezi. Besi ya kalindula ingalimbitse dzanja lamanzere kuposa masikelo ouma. Nyimbo za Alick Nkhata, amene anatenga nyimbo za kumudzi n'kuziika pa gitala ndi pa wailesi, zingaphunzitse makodi atatu oyamba mosabvuta. M'cipinda ca bambowa zonsezi zimatsala pakhomo pamodzi ndi nsapato.

Codabwitsa n'cakuti iwo eni luso lao analipezera m'kwaya, moimba ndi khutu, m'cilankhulo ca amai ao. Pa piyano amakhulupirira njira imene inawalera. Pa mawu amaicitira manyazi.

Inu amene mufuna kulipira maphunziro otere, satifiketi ya pa khoma isakukwanireni. Pemphani kukhala nao pa phunziro limodzi. Penyani ngati wophunzira amaimba asanagwire makiyi, ngati cala ca mphunzitsi cimathamangira ku transpose, ndipo pomaliza pemphani kuti akuphunzitseni nyimbo imodzi ya m'Cinyanja kapena m'Cisoli, mumve mmene achulire mawu ake.