Mkango wa m'katuni, zikhadabo za m'gemu

Mlamu wanga atabwera kuchokera ku Joni, anabweretsera mwana wake wa zaka 6 kachipangizo kamagemu kolumikiza pa TV. Mwa magemu onse amene anali mmenemo, mnyamatayo anasankha The Lion King, poti Simba ankamudziwa kale: filimu yake anaionera kangapo pavidiyo ya pa Mpondasi. Akuluakulu tinati basi, mwana wapeza zamsinkhu wake, n'kutuluka kukakhala pakhonde. Sipanathe theka la ola, tinamva kulira pabalaza.

Sanali afisi amene anamuliza. Anali atakanirira pagawo lachiwiri, lomwe m'maso limaoneka losangalatsa kuposa onse. Pamenepo Simba amadumpha pamitu ya akadyansonga, ndipo ukangochedwa pang'ono mutuwo umawerama, iwe m'madzi phava! Ukadutsa apo, chipembere chimamuponya mumtengo momwe apusi amaponyerana kamkangoko ngati mpira. Kuti akaponye kolondola, uyenera kubangulira apusi apinki kuti atembenuke, koma gemuyo siikuuza zimenezi. Kutsogolo kuli nthiwatiwa yaliwiro, yofuna kuti chala chidumphe ndi kuwerama m'kuphethira kwa diso. Miyoyo ndi mwayi wopitiriza zikatha, wabwerera poyambirira penipeni.

Gemuyi inatuluka mu 1994, chaka chomwe Disney inatulutsa filimuyo. Anaipanga ndi a Westwood Studios, ndipo kayendedwe ka Simba anakajambula ndi akatswiri a Disney enieniwo. N'chifukwa chake kamkangoko kakamadumpha kapena kulendewera pamwala, umachita kuona kuti kali ndi mafupa ndi mnofu. Pa luso la zojambula, palibe chodandaula. Koma patapita zaka, Louis Castle, mmodzi wa amene anayambitsa Westwood, anaulula kuti a Disney anafuna kuti gemuyo ikhale yovuta m'magawo oyambirira. Masiku amenewo ku America anthu ankachita lendi magemu m'masitolo ngati Blockbuster, ndiye mantha anali akuti mwana akaimaliza m'masiku awiri sakakamiza makolo kuti amugulire. Apusi aja anawaika mumtengomo poganizira thumba la wogulitsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kholo likhoza kunena kuti likadayang'ana nambala ya zaka pabokosi. Nambala za PEGI, zija za 3, 7, 12, 16 ndi 18, zimangonena ngati muli magazi, zotukwana kapena zoopsa. Sizinena kuti gemuyo ndi yovuta motani. Komanso magemu ambiri amafika kuno ku Mangochi alibe n'bokosi lomwe, ali m'mafoni ndi pamamemore khadi.

Nkhani yagona pa kusiyana kwa filimu ndi gemu. Filimu imamunyamula mwana ngati bwato la ankolo: iye angokhala, afika ndithu kutsidya. Mufasa, bambo ake a Simba, akafa, mwanayo amalira, koma nkhaniyo imamutulutsa yokha m'chisonimo n'kukamupereka kwa Timon ndi Pumbaa. Gemu imamupatsa nkhafi. Nyumbu za m'filimu zija zikamathamanga m'chigwa, amene akupondedwa ndi iye, ndipo apondedwa kakhumi mpaka zala zake zitaphunzira. Mwana wa zaka 6 sanena kuti gemuyi anaipanga molakwika. Amati wolephera ndine.

Kuvuta pakokha si mlandu. Bawo ndi lovuta, koma pitani pansi pa mtengo wa mango ku Namwera muone mmene agogo amaphunzitsira mdzukulu: amayamba ndi malamulo ochepa, amamulola kubweza dzanja akasokoneza, nthawi zina amadyedwa dala. Msodzi wa ku Makawa sayambitsira mwana kupalasa pa mwera, amayambira naye pamadzi a m'mawondo. Gemu yoyenera mwana wamng'ono imaphunzitsa chimodzimodzi. Imaonetsa chinthu chimodzi pamalo opanda ngozi, kenako n'kuchiwonjezera pang'onopang'ono, ndipo mwana akagwa amadzukira pomwepo. Siidalira kuwerenga Chingelezi, chifukwa mwana wa sitandade 1 woyankhula Chiyao ndi Chichewa sangathandizidwe ndi mawu olembedwa pasikirini. The Lion King imakhoza pa kukongola, koma pa kaphunzitsidwe imalephera.

Eni ake anachita ngati avomera. Mu 2019 gemuyi inatulukanso pamodzi ndi ya Aladdin, ndipo anaikamo batani lobwezera nthawi m'mbuyo ukalakwitsa, ndi mwayi wosunga pomwe wafika. Ndi kubweza dzanja kwa pabawo kuja, kungoti kunachedwa ndi zaka 25.

Kwa mwana wa zaka 10 kupita m'tsogolo, wokonda kulimbana ndi chinthu mpaka atachigonjetsa, gemuyi ndi yabwino zedi. Kwa wamng'ono, nkhope ya Simba isatinamize. Njira yodziwira ndi imodzi: kholo litenge lokha chowongolera, lisewere mphindi 15, lione zimene gemuyo imachita munthu akalephera.

Tsiku lija mlamu wanga anachitadi zimenezo, akuti aonetse mwana mmene amuna amachitira. Apusi anamuponya m'madzi kasanu. Mwanayo, misozi isanaume n'komwe, anaseka mpaka kugubuduka pamphasa, kenako anasendera pafupi n'kuyamba kuwauza bambo ake pusi woti amubangulire.