Mehrun abwezedwa kubanja: luso la Banu Mushtaq

Mu nkhani yomwe idapereka dzina ku buku la Heart Lamp, Mehrun athawira kwa makolo ake chifukwa mwamuna wake wapeza mkazi wina. Koma omwe amulasa mtima kwambiri ndi a kwawo komweko. Alongo ake amubweza kubanja kuti asachititse manyazi mtundu. Usiku Mehrun adzithira palafini, ndipo yemwe amuletsa kuyatsa machesi ndi mwana wake wamkazi.

Umu ndi momwe Banu Mushtaq amalembera. Safuna chigawenga chochokera kutali. Nkhanza zake amaziika m'manja mwa mlongo, apongozi kapena mkulu wa pamzikiti, anthu olankhula mwaulemu omwe amakhulupirira kuti akuchita bwino. Mayiyu, wobadwira ku Hassan m'boma la Karnataka ku India, wagwirapo ntchito ya utolankhani ndi uloya, ndipo zikuoneka kuti khutu lake lidazolowera kumva madandaulo a akazi omwe anthu ena sawalabadira. Adakulira m'gulu la olemba la Bandaya, lomwe linkatsutsa kuponderezana kwa magulu a anthu, ndipo nthawi zina mkwiyo umenewo umamupitirira: wolemba amalowa yekha m'nkhani n'kuyamba kutiuza zomwe taona kale ndi maso. Pamenepo ndimaona kuti nkhani imafooka. Imalimba akangotisiya kukhitchini, ana akulira, mpunga uli pamoto.

Mu 2025 bukuli lidapambana mphoto ya International Booker. Kadali koyamba kuti mphotoyi ipite ku buku lolembedwa m'chilankhulo cha Chikannada, komanso ku buku la nkhani zazifupi. Nkhani 12 zomwe zilimo adazilemba pakati pa 1990 ndi 2023, ndipo yemwe adazisankha ndi kuzimasulira m'Chingerezi ndi mayi mnzake, Deepa Bhasthi. Iyeyu sadasalaze chilankhulo kuti chikomere a ku London. Mawu a Chiurdu ndi Chiarabu omwe Asilamu a kumeneko amayankhula pakhomo adawasiya momwemo, opanda kuwafotokozera m'munsi mwa tsamba.

Atsogoleri a njirayi alipo. Triveni adalemba za mkazi wodwala maganizo mu Sharapanjara, M. K. Indira za mkazi wamasiye mu Phaniyamma, pomwe Sara Aboobacker adalemba za akazi achisilamu a m'mbali mwa mtsinje wa Chandragiri. Ndikulakalaka kuti ofalitsa mabuku omwe athamangira Mushtaq abwerere m'mbuyo, akatenge mabuku a amayi amenewa n'kuwafikitsa kwa owerenga ambiri.