Kutamanda Mwala wa Zibowo

Mbalule alankhule, mpanje ayankhe, gunda agunde mpaka nthaka injenjemere! Amayi, nthungululu! Mwini bwalo lero ndi timibulu ta zeolite togona m'matanki achitsulo ku Clarkson, ku Mississauga, m'mbali mwa nyanja ya Ontario, kumadzulo kwa Toronto.

Inu a Zeolite, a Chibowole, a Thukutalamwala, amene Cronstedt wa ku Sweden anakuwotchani mu 1756 mukufuka nthunzi iye kukamwa kuli yasa! Inu obadwa kawiri, koyamba m'miyala ya mapiri ophulika, kachiwiri m'manja mwa Robert Milton ndi Donald Breck ku Tonawanda, kutsidya kwa mtsinje wa Niagara. Inu Nkhoswe ya mafuta! Mumamanga ukwati wa kaboni ndi kaboni, mumamasula wina umene wakhala zaka mamiliyoni pansi pa nthaka, mlandu ukatha mumatsala muli yemweyo, kudikira banja lina.

Gu! Gu! Inu Asidi wosadontha, Asidi wosayenderera, Asidi wogwirika ndi manja! Mafupa anu ndi silikoni ndi okosijeni. Pamene aluminiyamu walanda malo a silikoni pamapelewera mphamvu ya magetsi, haidrojeni nkukhala pomwepo kukwaniritsa, ndipo haidrojeni ameneyo ndiye ukali wanu. Werner Haag ndi anzake ku Mobil anaonetsa mu 1984 kuti mu zeolite wotchedwa ZSM-5 liwiro loswa hexane limakwera mofanana ndi kuchuluka kwa aluminiyamu: kawiri aluminiyamu, kawirinso liwiro. Komatu wochepa aluminiyamu ndi amene amapirira nthunzi ndi moto. Msankheni nokha, eni fakitale, waliwiro kapena wokhalitsa.

Inu Mwini zipata! Apa ng'oma ichedwe pang'ono, poti ulemu wanu weniweni uli pamenepa. Paul Weisz ndi Vincent Frilette ndi amene anayamba kuzindikira mu 1960 kuti kukula kwa chibowo kumalamula chimene chilowe, chimene chibadwire mkati, ndi chimene chituluke. Tamandani a Zeolite Y, achimwene aakulu, a khomo la mananomita 0.74 ndi zipinda zotakasuka, omeza mafuta olemera nkulavula petulo, amene Plank ndi Rosinski anawalowetsa m'mafakitale oyenga mafuta m'zaka za m'ma 1960. Tamandani a ZSM-5, a khomo la mananomita pafupifupi 0.55, osalola wonenepa kudutsa: mwa mitundu itatu ya xylene, wowonda uja wa para ndiye amathamanga kutuluka, enawo amakakamira mkati mpaka asinthe maonekedwe. Ndi iwowa amene anasandutsa methanol kukhala petulo ku Motunui, ku New Zealand, mu 1985, kaboni nkulekeza pa khumi kapena pamenepo chifukwa malo okulira kupitirira apo mulibe. A SAPO-34, chitsirizira, a khomo la 0.38, otulutsa ethylene ndi propylene za mapulasitiki, ikani m'manja!

Inu a Mwayesuwapha! Oswa mafuta olemera amada ndi mwaye wa kaboni m'masekondi ochepa chabe, zibowo nkutsekeka. Amawaponya pa moto wa madigiri pafupifupi 700, mwaye uja nkupsa, iwo nkubwerera ali nganganga, ndipo kutentha komweko nkumene kumayendetsa ulendo wotsatira.

Nde-nde-nde! Tibwerere ku Clarkson, kumene British American Oil inatsegula fakitale mu 1943, imene inadzakhala ya Petro-Canada Lubricants, HollyFrontier nkuigula mu 2017. Inu Mpindaphula, Mdani wa chisanu cha Januwale! Phula la m'mafuta lili ndi mamolekyu owongoka, ndipo kukazizira amagonerana, oyilo nkuuma, injini nkukana kulira m'mawa. Mamolekyuwa amalowa m'njira zanu zopapatiza, pulatinamu amawachotsa haidrojeni, asidi amawapinda kuti aphuke nthambi, pulatinamu nkuwabwezera haidrojeni wawo. Wanthambi sagonerana ndi mnzake, ndiye oyilo amayendabe ngakhale panja patazizira kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro. Asidi akakalipa mopitirira muyeso, kapena molekyu ikachedwa mkati, imaduka pawiri, oyilo wamtengo wapatali nkusanduka mpweya ndi mafuta opepuka. Ine ndimati luso lonse la ntchitoyi lagona pa muyeso umenewu, ndipo amene amaupeza akuyenera chisekese chawochawo.

Inu osautsa anzeru! Ku University of Toronto, Geoffrey Ozin anathera zaka akusuzumira m'zipinda zanu, ndipo pa College Street, labotale ya Ya-Huei Cathy Chin imayeza liwiro limene asidi olimba amachotsera okosijeni m'mamolekyu ang'onoang'ono nkulumikiza kaboni wawo, mtundu wa mamolekyu amene amatuluka zomera zikaphikidwa popanda mpweya. Mapesi ndi utuchi zili ndi mlandu ndi inu, a Chibowole!

Kwathu ku Malawi kulibe fakitale yoyenga mafuta. Petulo amabwera woyengeratu kudzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam, ndipo gawo lalikulu la petulo wa pa dziko lino linadutsa m'zibowo zanu. Anyamata ndi atsikana a kemisitiri ku MUST ku Thyolo ndi ku Zomba, mwala uwu uphunzireni bwino, poti mapesi tili nawo ambiri.