Mawu Oti "Ena" ndi "Ufa" m'Mafunso Oyesa Kaganizidwe

Ophunzira a mu Lilongwe amene akonzekera mayeso olowera m'masukulu a ukachenjede a kunja, monga GMAT, amakumana ndi funso la mtundu uwu: amapatsidwa ndime yaifupi, nauzidwa kuti asankhe mfundo imene iyenera kukhala yoona ngati zonse za m'ndimemo zili zoona. Ife amene tifuna kuti Chichewa chigwire ntchito m'maphunziro apamwamba tidzayenera kulemba mafunso otere m'chiyankhulo chathu. Kumasulira liwu ndi liwu sikungatithandize, ndipo tionetsa chifukwa chake ndi ndime yonena za matenda a celiac.

Matendawa amagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 100. Wodwala akadya gluten, imene ipezeka mu tirigu, balere ndi rye, thupi lake limawononga lokha khungu la m'kati mwa matumbo aang'ono. Amene anasonyeza kuti gwero lake ndi tirigu ndi Willem Dicke, sing'anga wa ana wa ku Netherlands, m'buku lake la digiri la 1950. Tisanene kuti ndi matenda a Azungu okha: mu 1999 Carlo Catassi ndi anzake anawapeza mwa ana 5.6 pa 100 alionse a Chisaharawi m'misasa ya othawa kwawo ku Algeria.

Nayi ndime yathu, imene tapeka tokha: "Pafupifupi onse odwala celiac amabadwa ndi chizindikiro cha HLA-DQ2 kapena HLA-DQ8. Odwala ena amatsekula m'mimba. Wodwala asadye zakudya za ufa."

Chiganizo choyamba chilibe mlandu. Wophunzira akachitembenuza, nati onse obadwa ndi chizindikirocho adzadwala, walakwa yekha. Chichewa chasiyanitsa bwino ziwirizi, ndipo ambiri mwa obadwa nacho sadwala konse.

Vuto liyamba pa "ena". Olemba mayesowa amafuna kuti liwu la Chingerezi limene timamasulira kuti "ena" limveke motere: mmodzi kapena oposerapo, mwinanso onse. Paul Grice, m'nkhani yake yofalitsidwa mu 1975, anasonyeza kuti zimene womvera amatolapo pa mawu n'zosiyana ndi zimene mawuwo anena. Ganizo lakuti "si onse" pa liwu la Chingerezilo ndi la mtundu woyambawu, ndipo wonena angalichotse. Koma tsinde lathu la -ina lisenza ntchito ziwiri. Tikati "ndipatseni mbale ina" tatanthauza yosiyana ndi iyi. Tikati "ena afika" khutu lidikira kuti "ena sanafike". M'kuona kwathu, gulu lotsala lili m'tsinde momwemo, ndiye kulichotsa n'kovuta koposa. Mchewa wowerenga kuti "odwala ena amatsekula m'mimba" adzasankha yankho lakuti alipo odwala osatsekula, ndipo woyesa adzamulemba kuti walephera. Chowawitsa n'chakuti yankholo ndi loona kuchipatala, pakuti alipodi otere. Kungoti silichokera m'ndime ya Chingerezi. Walephera ndani pamenepa, wophunzira kodi, kapena womasulira? Njira ilipo kale m'chiyankhulo: "Alipo odwala amene amatsekula m'mimba." Chiganizo ichi sichinena kanthu za otsalawo.

Chiganizo chachitatu ndicho chiopsa. Pa msika wa Old Town, "ufa" ndi wa chimanga, woyera kapena mgaiwa. Wa tirigu amati fulawa. Womasulira amene wazolowera masitolo a ku City Centre, kapena wokulira m'nyumba za ku Area 10 kumene Chingerezi ndi Chichewa zimasakanizana pa tebulo, angalembe "ufa" osaona cholakwa. Wowerenga adzaganiza molongosoka ndithu: nsima ndi ya ufa, tsono wodwala asadye nsima, mandasi ndi a fulawa, tsono ndimeyo siyawaletsa. Kaganizidwe n'kolondola, koma zotsatira zake ndi zosemphana ndi zoona, popeza chimanga chilibe gluten, pamene buledi, masikono ndi mandasi ali nayo. Pa mayeso wophunzira ataya malikisi. Chiganizo chomwecho chikalembedwa pa kapepala ka malangizo a kuchipatala, mayi amana mwana nsima nam'gulira mandasi.

Kuyambira pamene Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972, tinapeza malamulo a kalembedwe a 1973, 1980 ndi 1990. Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwake mu 1996, inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Ntchito imeneyi ndi yaikulu, sitiipeputsa. Koma ife aphunzitsi a za ziyankhulo tathera mphamvu pa maina a zinthu zachilendo, tikumatsutsana ngati gluten ipatsidwe dzina la Chichewa, pamene timawu tating'ono tonyamula kaganizidwe, monga "onse", "ena", "ambiri", "ngati" ndi "pokhapokha", tatisiya ngati todziwika kale. Tipempha kuti ndime iliyonse yomasuliridwa iyambe yawerengedwa kwa anthu osadziwa ya Chingereziyo, afunsidwe zimene atolapo, isanaloledwe kukhala funso. Yathu ija tingaikonze motere: "Alipo odwala amene amatsekula m'mimba. Wodwala asadye chakudya chilichonse chimene muli tirigu kapena balere, monga cha fulawa." Rye tamusiya dala, pakuti kum'tchula m'chiganizo chimenechi kufuna kuti tiyambe tagwirizana kalembedwe kake.