Atifunsa Ngati Timuona, Nanga Iye Aona Ciani?

Filimu ya Can You See Us? ndinaionera kawiri, konse kwa msuweni wanga ku Woodlands cifukwa ndiko kuli intaneti yosawerengera. Ulendo woyamba ndinalira monga analirira ambiri a inu. Ulendo waciwiri misozi inali itauma, ndipo ndinabwerera ku Kabwata ndi funso limene landisowetsa mtendere kufikira lero.

Kwa amene simunaione: filimuyi anaitsogolera Kenny Mumba, inatuluka mu 2022, ndipo mu Ogasiti 2023 inakhala filimu yaitali yoyamba ya ku Zambia kulowa pa Netflix. Nkhani yake anaitenga pa moyo wa woimba John Chiti, amene anayambitsa Albinism Foundation of Zambia. Mwana, Joseph, abadwa ndi khungu la cialubino. Atate ake, a Kennedy, amukana pomwepo, ndipo amai ake, a Chama, acoka panyumba ndi khanda m'manja. Amene awalandira ndi Martin, woyendetsa takisi. Zotsatira tizidziwa tonse okulira mu komboni: ana kumuseka, akulu kumunong'ona, ndi anthu oipa ofuna ziwalo zake.

Pali zambiri zoyamikira. Joseph ali mwana anamusewera Thabo Kaamba, mtsikana amene iye mwini ndi wacialubino, ndipo mwanayo ndiye msana wa filimu yonse. Salankhula zambiri. Akaima kuyang'ana anzake akusewera, nkhope yake inena zimene olemba sakanatha kumuika m'kamwa. Ndinakondanso Martin, mwamuna wamba amene alera mwana wa mnzake popanda kuimba lipenga. Ndipo ndani wa ife sanacite manyazi? Ine ndemwe ndinakula ndikuuzidwa kuti ukakumana ndi mwabi ulavulire m'malaya kuti usadzabale wotere. Ndinalavula kangapo. Palibe anatiuza kuti cialubino cicokera kwa makolo onse awiri, kuti atate ndi amai onse akhala atanyamula mbeu yake, ndipo pa mimba iliyonse mwai ndi umodzi pa inai. A Kennedy anathamangitsa mkazi pa cinthu cimene theka lake cinali m'magazi mwao.

Koma bvuto langa lili pa maso. Dzina la filimu litifunsa ife ngati tiwaona anthu awa. Kamera nayo ikhala kumbali yathu nthawi zambiri: ife ndife oyang'ana, Joseph ndiye woyang'anidwa. Za mmene Joseph aonera dziko, filimu ingozilambalala. Cikhalireco cialubino si khungu cabe. Cimene cisowa pakhungu cisowanso m'diso, motero ambiri obadwa naco saona bwino kucokera ku ubwana. Maso agwedezeka okha, dzuwa liwalasa, zinthu zakutali zisungunuka, ndipo magalasi athandiza koma sathetsa. Mwana wotere salimbana ndi citonzo cokha. Alimbana ndi bolodi, ndi zilembo zing'onozing'ono za m'buku, ndi kondakita amene aloza basi ndi cala m'malo monena kumene ipita.

Izi sindinaziwerenge cabe. Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi mtsikana wacialubino mu Giredi 8, m'kalasi la ana opitirira makumi asanu ndi limodzi. Anali wamtali, ndiye ndinamuika kumbuyo, pafupi ndi windo. Manotsi ake anali odukaduka. Akamawerenga, buku linali kukhudza mphuno, anzake n'kumaseka kuti alinunkhiza. Ine, mphunzitsi wa digiri, ndinalemba pa lipoti lake kuti ndi waulesi. Temu yonse inatha. Amai ake ndiwo anabwera tsiku lina, nandifunsa mwaulemu kwambiri kuti, “Aphunzitsi, kodi mwana wanu munamufunsako ngati aona zimene mulemba?” Sindinamufunsepo. Sindinamutonzepo, sindinamulavulire, koma ndinamudyera temu yathunthu ndi coko canga.

N'cifukwa cake ndinena kuti filimuyi inasankha mdani wapafupi. Munthu wa cikwanje usiku tonse timuda, ndipo tikamuona pa kanema tipumira m'mwamba kuti ife sitili otero. Zoona, anthu amenewo aliko, ku Zambia kuno ndi ku Malawi, ndipo filimu inacita bwino kusawabisa. Koma mphunzitsi wolemba tizilembo ta nyerere, kalaliki wopereka fomu imene munthu sangaiwerenge, dzuwa limene lipsereza khungu kufikira khansa pamene mafuta odzitetezera ndi odula: adani awa alibe nyimbo yoopsa yowaperekeza, ndipo ndiwo akumana ndi mwana tsiku lililonse. Akanatipatsa mphindi ziwiri zokha kamera ili m'maso mwa Joseph, msewu wa masana uli mbee, nkhope za anthu zosadziwika mpaka zitafika pafupi, tikanatuluka tikudziwa cina cimene sitinacidziwe.

Cinanso ndi gitala. Joseph apulumukira mu nyimbo, ndipo popeza ndiyo njira imene John Chiti anayendamo, sindingati ananama. Koma tiyeni tidzifunse cifukwa cake nkhani yotere itikomera msanga. Dziko lino likonda wosaona akamaimba. P.K. Chishala, amene anaphunzira ku Mambilima ndi ku Sefula, tibvina nyimbo zake mpaka lero. Lazarus Tembo anaimba nafika pokhala nduna m'boma la Kaunda. Awa ndi akatswiri, ulemu wao ndi woyenera. Nanga amene alibe mau okoma? Nanga agogo aja a mu Cairo Road otsogozedwa ndi mdzukulu amene anayenera kukhala m'kalasi? Filimu ikamathera pa siteji ndi kuomba m'manja, imveka ngati inena kuti ulemu uyenera kuugula ndi luso. Mtsikana wanga uja sanali kuimba. Anali kufuna kukhoza masamu basi.

Pali pena pamene masoka acita kuunjikana, imfa pamwamba pa citonzo, nyimbo ya cisoni n'kumatikoka khutu kuti apa lirani. Zimenezo ndizikhululukira, mafilimu athu ambiri ali ndi nthenda yomweyo.

Cimene sindikhululukira msanga ndi ici: ndani angaionere? Netflix ifuna malipiro a pamwezi ndi mabando osati masewera. Ku Kabulonga si nkhani. Ku Chelstone, mwana wa sukulu aionera pa foni ya mnzake, anthu asanu pa kagalasi kamodzi. Ndiye pamene osewera asintha cilankhulo, tanthauzo lili m'timau tolembedwa pansi, toyera, tothamanga. Munthu amene filimu ikamba za iye ndiye woyamba kutaika. Tili ndi lamulo la anthu olumala la 2012. Tili ndi laibulale ya osaona ku Chilenje, tili ndi ZAMISE yophunzitsa aphunzitsi a maphunziro apadera, ndipo sukulu ya Magwero ku Chipata yakhala ikuphunzitsa osaona zaka zoposa zana. Anthu odziwa kufotokozera wosaona zimene zicitika pa kanema alipo mu mzinda muno. Ndikadakonda kumva filimuyi ikuonetsedwa m'holo ya mu komboni, munthu ali pa maikolofoni kufotokoza m'Cinyanja kuti tsopano Joseph wabisala kuseri kwa citseko.

Muionere, ndithu. Ine ndinabwereka laputopu n'kuionetsa ku kalasi langa Lacisanu lina masana, titatseka mawindo ndi zitenje. Itatha ndinafunsa amene saona bwino pa bolodi kuti akweze dzanja. M'kalasimo munalibe wacialubino ngakhale mmodzi. Manja anakwera asanu ndi awiri.