Kodi Ziyara ya ku Uhud Ikutiphunzitsa Chiyani?

Mahaji athu akafika ku Madina amakwera basi ya ziyara. Amaima pa Msikiti wa Quba, pa Msikiti wa Qiblatain, ndi pa phiri la Uhud, kumpoto kwa mzindawo, pamene panachitikira nkhondo m'chaka chachitatu cha Hijra, mu 625. Ambiri mwa iwo amasunga ndalama za nsomba ndi za mpunga kwa zaka zambiri kuti akafike kumeneko, choncho n'koyenera kufunsa chimene amabwerako nacho.

Ubwino wa ulendowu sitiukana. Munthu akaima pa kaphiri ka Jabal al-Rumah, zimene ankamva kumadrasa amaziona ndi maso. Amaona chifukwa chimene Mtumiki (SAW) anaikira oponya mivi 50 pamenepo motsogoleredwa ndi Abdullah ibn Jubayr: kaphiriko kankateteza kumbuyo kwa Asilamu 700 amene ankalimbana ndi Akuraishi 3,000. Amaonanso mmene Khalid ibn al-Walid, yemwe anali asanalowe Chisilamu, anazungulirira ndi akavalo ake malowo atasiyidwa.

Chotidandaulitsa ndi kafotokozedwe kake. Kawirikawiri wotsogolera amayankhula mwaliwiro, m'Chiarabu kapena m'Chingerezi, diso lili pa wotchi. Amaloza manda a Hamza, atate aang'ono a Mtumiki (SAW), natchula mashahidi 70, kenako gulu limabalalika: ena kukwera kaphiri kukajambulitsa, ena kukagula tende. Agogo a ku Nkhotakota kapena ku Makanjira amabwerera m'basi ali ndi chithunzi m'foni, nkhani osaimva.

Ndiponso chimene chimadumphidwa ndicho mutu weniweni. Uhud si nkhani ya chipambano. Oponya mivi ambiri anatsika ataona ngati nkhondo yatha, nathamangira chuma chimene adani anasiya, ngakhale anali atalamulidwa kuti asachoke. Mtumiki (SAW) anavulala kumaso, dzino lake linabenthuka. Mus'ab ibn Umayr, amene anakulira m'chuma ku Makka, anaikidwa ndi nsalu yosakwanira thupi lake, mapazi n'kuphimbidwa ndi udzu. Sura ya Al Imran ikufotokoza kulakwaku mosabisa, ikunenanso kuti Allah anawakhululukira. Wotsogolera amene amangotchula kulimba mtima, nasiya kulakwa ndi chikhululuko, watimana phunziro lokhudza aliyense wosungitsidwa udindo: msungichuma wa msikiti, mphunzitsi wa madrasa, ngakhale kholo pakhomo.

Mankhwala ake ali m'manja mwathu. Mashehe athu aziphunzitsa nkhani ya Uhud m'Chichewa ndi m'Chiyao ulendo usanayambe. Okonza maulendo aonetsetse kuti gulu lililonse lili ndi womasulira, ndipo nthawi ya pa Uhud ikhale yokwanira kumvetsera, kufunsa ndi kuwachitira dua mashahidi. Ife otsala kumudzi, haji akabwera, tisangofunsa za madzi a Zamzam ndi tende. Timufunsenso chimene chinachitika pa kaphiri kaja.