Makalata a Mbiri ya Makhanga ndi Chiromo

Munthu akatsika mapiri a Thyolo nafika ku cigwa, kumene Ruo athira mu Shire, apeza Makhanga ndi Chiromo, dziko la Mfumu Mlolo m'boma la Nsanje. Malo awa ndi aang'ono, koma zolembedwa za mbiri yao nzambiri. M'nkhani ino tifuna kupeta zolembedwazo monga mai apeta mapira m'licero, kuti mankhusu acoke ndi maso atsale. Tifunsa mafunso awiri: analemba ndani, ndipo anasiya ciani?

Oyamba kulemba anali alendo apaulendo. David Livingstone anakwera Shire pa sitima yace ya pamadzi m'caka ca 1859, ndipo buku la ulendowo linasindikizidwa mu 1865. Iye anali munthu wopenyetsetsa. Analemba za minda ya Amang'anja, za thonje limene anali kuomba nsaru, ndi za njobvu ngati 800 zimene anaona m'dambo lalikuru limene lichedwa Elephant Marsh kufikira lero. Amishoni naonso analemba za imfa ya Bishopo Mackenzie, amene anamwalira pafupi ndi mathiriro a Ruo pa 31 January 1862, ndi za njala yoopsya ya 1862 ndi 1863. Tiyenera kuwayamika, pakuti popanda iwo sitikadadziwa zaka za zinthu izi. Koma mlendo wa pa sitima aona gombe lokha. Za imfa ya Bishopo mmodzi tidziwa tsiku lace. Za anthu ambirimbiri amene anafa ndi njala tingouzidwa kuti anali ambiri.

Aciwiri ndiwo akalata a Boma. Angerezi atatenga dziko lino mu 1891, Chiromo anakhala dooko ndi boma la cigawo ca Ruo. Katundu anali kutsikira pomwepo, ndipo mu 1908 njanji yocokera ku Port Herald, ndiye Nsanje wa lero, inafika ku Blantyre. Mabwana a pa boma anali kulemba maina a mafumu ndi midzi, ciwerengero ca nyumba zokhoma msonkho, milandu, ndi thonje logulidwa pa misika. Ambiri a makalata awa asungidwa ku Zomba, m'nyumba yosungiramo makalata akale a dziko, imene inatsegulidwa mu 1947. Wofuna za kwathu kumeneko akumbukire kuti Azungu kawirikawiri analemba Makanga, osati Makhanga, maka ponena za munda woyesera mbeu umene Boma linaika pamenepo.

Ubwino wa makalata a Boma ndi wakuti analembedwa nthawi yomweyo, zinthu zisanaiwalike. Mkulu wa m'mudzi angasokoneze zaka, koma pepala silisintha mau ace. Zirema zace ziripo ziwiri. Coyamba, mu 1919 moto unatentha maofesi akuru a Boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyamba anapsya. Caciwiri ncacikuru koposa. Bwana anali kulemba zimene zinali zofunika kwa Boma. Munthu alowa m'buku lace pokhoma msonkho, pogulitsa thonje kapena polakwa. Mai wolima mbatata ku dimba, mnyamata wopalasa bwato, ndi nkhalamba yosunga mbeu ya mcewere sapezekamo, ngakhale ndiwo anali kudyetsa dziko. Tsono wowerenga wosacenjera angaganize kuti anthu a cigwa analibe nchito yina koma kubvuta Boma.

Acitatu ndiwo anthu ophunzira amene anawerenga makalatawo, napitanso kukakhala pa mphasa ndi eni dziko. Mmodzi wa iwo ndi Elias Mandala, Mmalawi, amene buku lace lochedwa Work and Control in a Peasant Economy linaturuka mu 1990. Lifotokoza mbiri ya cigwa kuyambira 1859 kufikira 1960. Iye achula mtsinje kuti Tchiri, monga auchulira eni ace, ndipo ici cokha citisonyeza kumene anachera khutu. Alongosola ulimi wa mitundu iwiri, wa ku mphala wodalira mvula ndi wa ku dimba wodalira cinyontho ca mtsinje. Anena za nomi, magulu a anyamata ndi atsikana ogwira nchito pamodzi. Asonyezanso kuti madzi a Shire atakwera ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 namiza madimba, thonje linacepa, ndipo amuna ambiri anayamba kupita kutali kukafuna nchito. Cimene kalata wa Boma anaciona monga kutsika kwa ciwerengero ca thonje, Mandala aciona monga kusintha kwa moyo wa banja lonse. Apa ndipo pali nzeru ya buku lace. Winanso ndi Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe amene anasonkhanitsa nkhani za Mbona wa ku Khulubvi m'buku la River of Blood mu 1992, naziyerekeza ndi makalata akale a Apwitikizi.

Komabe mabuku awa sitingawayamike osachula cosowa cao. Analembedwa m'Cingerezi cobvuta, kotero kuti adzukulu a nkhalamba zimene zinapereka mau sangathe kuwawerenga. Ndiponso nkhani ya Mandala ithera pa 1960, pamene mabvuto ena akuru a Makhanga anadza pambuyo pace. Mu 1997 madzi anadula njanji ndi mseu pakati pa Makhanga ndi Bangula. Mu January 2015 Ruo anasiya njira yace nadzera m'midzi, ndipo Makhanga anasanduka cilumba. Mu March 2023 namondwe wochedwa Freddy anabweretsanso cigumula. Akuru anati madzi saiwala khwawa. Koma munthu aiwala, ngati palibe wolemba.

Ici ndico cifukwa cace nkhani iyi itikhudza ife tonse. Madzi akalowa m'sukulu kapena m'calici, satenga mabenci okha. Atenga buku la maina a ana, buku la ubatizo, ndi kaundula wa mfumu. Ndipo anthu akauzidwa kuti asamukire ku mtunda, adzafunsidwa tsiku lina kuti mudzi wao unali pati, malire a minda anadzera kuti, ndi manda a makolo ali kuti. Wopanda colembedwa adzangoloza pa madzi.

Inu amene mwaphunzira kuwerenga ndi kulemba muli akuru, muli naco cimene Livingstone ndi mabwana analibe: mudziwa maina a anthu. Gulani kope. Khalani pansi ndi agogo anu, nimulembe dzina la mudzi, maina a mafumu ace mmodzimmodzi, caka ca cigumula ciri conse ndi pamene madzi analekezera. Lembani m'cinenero canu, Cimang'anja kapena Cisena, ndi kuikapo tsiku ndi dzina la wonena. Mukatha, lembaninso kope laciwiri, nimukalisungitse kwa mbale wanu wokhala ku mtunda.